Zikhomo za Pakhonde la Amayi

1

Ndisanaulule zanga, ndiyambe ndakuuzani kuti amayi anga ndi amuna anga anatha zaka zisanu ndi chimodzi asakumwerana madzi, ndipo chinautsa mapiri pachigwa chinali suti.

Amayi ndi telala. Makina awo akhala pakhonde la kashopu kathu kuyambira ine ndisanabadwe, ndipo mumsewu wathu mulibe mkwati amene sanaimepo pakhondepo atatambasula manja, tepi ya amayi ikumuzungulira pachifuwa. Ndiye pa ukwati wathu bambo akunyumbawa, ati kuopa kuvutitsa apongozi, anakagula suti yosokasoka kusitolo. Amayi ataiona pakhomo la tchalitchi anagwira mkono wa jekete, n'kuupinda, n'kuyang'anitsitsa msoko.

"Yabwino," anatero.

Mawu anali omwewo, koma kuchokera tsikulo moni wa awiriwa unali ngati wa anthu ongokumana padepoti. Amuna anga ndi woyeza malo, munthu wofatsa woti ukawaponda phazi amayamba ndiwo kupepesa. Ine masana ndimasoka ndi amayi, madzulo ndimapita kwanga, nyumba yachisanu kuchokera pashopu. Ndinazolowera kunyamula mauthenga uku ndi uku, ndikuchotsamo minga panjira.

Tsono msewu wathuwo unali msewu dzina lokha. Mvula ikagwa, makasitomala ankabwera nsapato zili m'manja. Ambulansi inkathera kumsika, odwala n'kumapita nawo kumeneko pa wilibala. Tala tinalonjezedwa kambirimbiri. Kumapeto kwa msewu kuli mpopi umene anatimangira abwenzi ena akunja. Unatuluka madzi miyezi itatu, kachitsulo kena n'kuthyoka, ndipo zinadziwika kuti kachitsuloko kamapezeka kwawo kokha. Chatsala ndi chikwangwani, ndipo anthu amayanikapo zovala. Ndiye titamva kuti dziko lina lakutali lapereka thandizo lomangira msewu ndi ngalande zake, tinangoti tiona zikamachitika.

Ulendo uno zinachitikadi. Kunabwera chikwangwani cha mbendera ziwiri, kontena yoyera ya ofesi, ndi injiniya wamkazi wochokera kwa eni thandizo, wamtali, wosavula chisoti chake ngakhale pomwa tiyi. Tinamutcha Mayi Chisoti. Choposa zonse, amuna anga, amene anali atakhala pakhomo miyezi isanu ndi inayi akuweta ndevu, analembedwa ntchito. Ndinavina ndekha kukhitchini tsiku limenelo.

2

Sabata yachitatu, Lachiwiri m'mawa, ndili pa makina, ndinaona oyeza malo akutsika msewu ndi makina awo a miyendo itatu, mtolo wa zikhomo zamatabwa ndi chitini cha penti wofiira. Onyamula chitinicho anali amuna anga.

Atafika pa ife bamboyo anasuzumira m'makina oyezerawo, n'kuyang'ana pepala, n'kusuzumiranso. Ndinaona thukuta likutsikira m'kolala.

"Khomani, akulu, dzuwa likupita," anatero akapitawo awo.

Pansi pa khonde lathu ndi dothi lotsendera, ndiye zikhomo zinalowa mosavuta. Zinali zinayi, ndipo mzere wake unadutsa pakati penipeni pa khonde, pansi pa makina a amayi.

"Mwadzuka bwanji, amayi?" anatero bamboyo.

"Ndadzuka. Ndaona mwabwera ndi penti."

"Ndi ntchito, amayi."

"Lembani. Musachite manyazi, dzanja lanu ndi labwino."

Analemba mtanda wofiira pansanamira ya khonde, n'kuchoka mutu uli pansi. Pofika masana amayi anali atawapatsa dzina latsopano, aPenti.

Madzulo ndinawadikira pakhomo manja ali m'chiuno.

"Ndiuzeni, bambo. Agwetsa shopu yonse?"

"Mayi, sindingakambe. Ndinasayina pepala."

"Pepala lanji loposa mkazi wanu?"

"Eni thandizo ali ndi lamulo. Kukhoma ndingakhome pamene andiuza, koma za malo a wachibale sindiyenera kukamba ndi munthu. Akangonunkhiza zokondera, ntchito yanga yatha, ndipo msewu wonse atha kuuimitsa. Zonse zili m'buku limene anagawa lija. Werengani."

Buku lakelo linali la masamba makumi asanu ndi atatu, lolembedwa m'chilankhulo cha m'maofesi, timalemba tating'ono ngati nyerere. Mumsewu monse, kupatula amuna angawo, panalibe analiwerenga. Amayi anali ataliika pansi pa mwendo wa makina umene unkagwedera, ndipo anayamikira kuti pamenepo linakwana bwino.

Masiku otsatira amayi anasiya kuimba posoka. Ankangosisita nsanamira ya mtanda ija.

"Khondeli anamanga ndi malemu bambo ako, ndi manja awo, iwe uli m'mimba," anandiuza. "Lero aligwetsa amuna ako. Zikomo kwambiri."

Zinandipweteka. Kuno mayi wondibala, uko mwamuna wondikonda, ndipo akuluakulu sananame kuti mapanga awiri avumbwitsa.

3

Lamlungu kunagwa chimvula chosaona kutsogolo. Anthu onse anapita kutchalitchi m'maambulera, amayi ndi amuna anga omwe, wina tsidya ili la msewu, wina tsidya linalo. Ine ndinati mutu ukundiwawa, ndinatsala.

Lolemba m'mawa ndinapeza amayi ataima pakhonde makiyi ali m'manja, kukamwa kuli yasa. Zikhomo sizinalinso pansi pa makina. Zinayi zonse zinali kunja kwa khonde, m'matope, zitafola mzere wowongoka.

Anatulukira ometa tsitsi oyandikana nafe, amene timawatcha aWailesi chifukwa nkhani ikalowa m'khutu mwawo m'mawa, pofika masana imakhala ili kumsika itabereka kale ana.

"Aa, aa! Zikhomo zikumera miyendo masiku ano?"

Amayi anayenda kuchoka pa chikhomo choyamba mpaka chachinayi, akutsinzina diso limodzi monga amachitira poyang'ana mpendero wa diresi.

"Mzere wowongoka chonchi sangakhome munthu wamba," anatero pang'onopang'ono. Kenako anandigwira dzanja, misozi ili lengelenge. "Ndi mpongozi wanga. Iwe, ukawauze amuna ako adzere pano akaweruka."

Sabata imeneyo gulu la amuna anga linali kuyeza kumtunda, cha kumlatho. Anabwera madzulo ngati munthu woitanidwa kupolisi. Ataona zikhomo anaima chilili, nkhope n'kusintha. Anatulutsa tepi yawo yachitsulo, n'kuyeza kuchoka pa kadzenje kakale kufika pa chikhomo. Anayezanso chachiwiri. Asanatsegule pakamwa, amayi anali atawakokera pampando.

"Musanene kanthu, mwanangu. Khalani pansi."

Mwanangu! Ndinatsala pang'ono kumeza singano. Tiyi anabwera m'kapu ya maluwa, imene ine mwini mwana wawo sindinamwerepo. Atatha kumwa anawaimiritsa.

"Tambasulani manja."

"Amayi?"

"Ndati tambasulani. Munthu wa ntchito yapamwamba samayenda ndi jekete la kusitolo."

Titafika pakhomo pathu bamboyo anandifunsa chapansipansi ngati ndinaonapo munthu pashopu dzulo lake.

"Ndinali gone, mutu uli waliwali," ndinayankha.

"Chabwino. Loweruka gulu lathu libwerera kuno. Ndidzazibwezera mwakachetechete, nkhani ithere pomwepo. Amayi musawauze."

4

Owerenga anzanga, sabata imeneyo inali yokoma kuposa sabata ya ukwati wanga. Amuna anga ankadzera pashopu tsiku lililonse kudzayesa jekete. Anawakonzera amayi lamba wa makina. Amayi anawafotokozera nkhani zonse za ubwana wanga, mpaka ija yoti ndinasokerera chala changa pamalaya a m'busa, ndipo awiriwa anaseka chikhakhali mpaka kugwirana mapewa. Ine ndinkasoka mabatani kukona, mtima uli mbee. Zaka zisanu ndi chimodzi ndinkapempherera zimenezi, ndipo ndinkaopa kupuma mokweza kuti zingathawe.

Koma mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Amayi chisangalalo sachisunga m'mimba.

"Inu aWailesi," ndinawamva Lachitatu, "ana aamuna alipo ambiri, koma mpongozi wanga ndi mmodzi. Azungu a mapepala anati gwetsa, iye anati apongozi anga ayi."

"Amayi, chonde, tsitsani mawu," ndinawanong'oneza.

"Nditsitse chifukwa chiyani? Ndaba?"

AWailesi anameta anthu khumi ndi awiri tsiku limenelo, ndipo aliyense anatuluka ndi nkhani pamodzi ndi mutu wosalala. M'mawa mwake tinapeza anthu pakhomo pathu. Mayi wogulitsa makala anabwera ndi nkhuku m'khwapa.

"Akulu, changa ndi chikhomo chimodzi chokha. Mungochikankha pang'ono, phazi limodzi basi."

"Mayi, sindisuntha zikhomo ine!"

"Ee, tikudziwa, tikudziwa," anatero akuwatsinzinira diso, nkhuku n'kuisiya pakhonde.

Bamboyo anathamangitsa nkhuku ija msewu wonse kuti aibweze, atavala nsapato za kuntchito. Ndinaseka mpaka kukhala pansi. Sindinadziwe kuti kuseka kwanga kuthera pamenepo.

Lachinayi lomwelo masana, galimoto yoyera inaima pashopu. Anatsika Mayi Chisoti, akapitawo, ndi makina a miyendo itatu.

5

Mayi Chisoti sanapereke moni wautali. Anayeza chikhomo choyamba, n'kulemba. Anayeza zinayi zonse. Akapitawo, amene ankamasulira zonena zake, anatembenukira kwa anthu amene anali atadzaza kale msewu.

"Akuti zikhomo zonse zinayi zasunthidwa mita imodzi ndi theka. Akuti ngalande ikanakumbidwa pamenepa, madzi akanalowa m'nyumba za kumunsi. Ntchito mumsewu uno yaima kufikira zitadziwika bwino. Msonkhano Lolemba m'mawa ku kontena."

Chigalimoto chosalaza msewu chinazimitsidwa pomwepo. Amuna anga anapatsidwa kalata yowaimitsa ntchito.

Anthu amene dzulo ankabwera ndi nkhuku anatembenuka ngati chofunda. Mayi wina anadzatenga nsalu yake isanadulidwe.

"Mwatidyera msewu chifukwa cha kakhonde," anatero. "Mwana wanga akadzadwala mudzamunyamula ndinu pa wilibala."

Ankanena zoona.

Loweruka madzulo amuna anga anandikhazika pansi.

"Mayi, Lolemba ndikavomera."

"Mukavomera chiyani? Munasuntha ndinu?"

"Ayi."

"Nanga?"

"Woyeza malo sangasunthe chikhomo mita imodzi ndi theka, kanayi konse, osaphonya ndi chala chomwe. Ife matepi athu ndi ataliatali, timatenga muyeso umene tikufuna. Tepi imene imathera pa mita ndi theka ndi imodzi yokha." Anandiyang'ana mwachisoni. "Ya telala."



"Amayi ndi achikulire," anapitiriza. "Kusuntha chikhomo cha msewu ndi mlandu wa kupolisi. Sindingalole aime pamaso pa anthu n'kumakuwizidwa. Khondelo anamanga ndi amuna awo. Tiyi uja, jekete lija, ndinamva zimene ankandipempha. Ankafuna ndiwabise. Ndiwabisa."

"Nanga ntchito?"

"Ntchito imapezeka ina."

Ankanama, tonse tinkadziwa. Woyeza malo wochotsedwa chifukwa chokondera salembedwanso kulikonse kumene kuli thandizo lakunja, ndipo misewu yonse masiku ano ndi ya thandizo. Ndinadzuka n'kukawasitira malaya oyera a kumsonkhano.

6

Lolemba kontena sinakwane anthu, ndiye tebulo analitulutsa panja. Amayi anakhala kutsogolo, tepi ili m'khosi monga mwa masiku onse, poti amaivula pogona pokha. Ine ndinakhala kumbuyo kwawo.

Amuna anga anaimirira. "Ndinasuntha ndine. Ndikupepesa kwa nonse. Msewu musauimitse chifukwa cha munthu mmodzi."

Anthu anang'ung'udza. Amayi anadzambatuka.

"Mwanayu anachita chifukwa cha ine! Ngati n'kulanga, langani ine. Gwetsani shopu yonseyo, koma ntchito yake muisiye."

Ndinayang'ana pansi. Amayi anga, kupereka shopu chifukwa cha aPenti!

Mayi Chisoti anamvetsera akapitawo akumasulira, kenako anafunsa funso limodzi.

"Akuti, chifukwa chiyani mita imodzi ndi theka? Akuti kuti khonde lipulumuke pankafunika mita imodzi yokha, ndipo inu mukudziwa zimenezo."

"Sindingayankhe," anatero amuna anga.

Maso a mayi uja anayendayenda pa anthu, mpaka anaima pakhosi pa amayi. Anatambasula dzanja mwaulemu. Amayi, osadziwa kanthu, anavula tepi n'kupereka. Mayi Chisoti anaiyala patebulo pambali pa tepi yachitsulo, n'kuika chala pamene inathera.

"Mita ndi theka!" anakuwa aWailesi, amene anali atasuzumira kale paphewa la akapitawo.

Maso onse anagwera pa amayi.

"Ine?" Anadziguguda pachifuwa. "Ine ndinali kutchalitchi! Ndinaimba nawo kwaya, funsani aliyense!" Kenako anatembenukira kwa mpongozi wawo, mawu n'kutsika. "Mwanangu, simunasunthe ndinu?"

"Ayi, amayi."

"Ndiye mumavomera chifukwa chiyani?"

Bamboyo anangoyang'ana nsapato zawo.

"Munkayesa ndine," anatero amayi. "Munkayesa ndine, ndiye mumataya ntchito kuti mundibise."

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinaimirira.

"M'shopu mwathu matepi alimo awiri," ndinatero.

Inde, owerenga anzanga, mutu sunandiwawe Lamlungu lija. Anthu atangokhota pakona ndinafunda pulasitiki n'kuthamangira kushopu. Zikhomo ndinazula ndi manja, dothi linali lofewa. Ndinkadziwa kuti oyeza malo amakonda zinthu zofanana, ndiye ndinaganiza kuti ndikasuntha zonse mofanana ndendende palibe adzazindikire. Ndinayala tepi yanga yonse kuchoka pa kadzenje, n'kukhoma pamene yathera, kanayi. Nyundo ndinalibe, ndinakhomera simbi yakale ya makala. Ndinabwerera kunyumba ndikudzitama kuti ndine mkazi wanzeru.

Zonsezi ndinazinena pamaso pa msewu wonse, ndikulira ngati mwana.

7

Mayi Chisoti anafunsa chifukwa chake.

"Mukanagwetsa shopu ya amayi anga," ndinayankha.

Akapitawo atamasulira, mayi uja anakwinya nkhope, n'kufunyulula chipepala chachikulu cha mapulani.

"Akuti shopu sikugwa," anatero akapitawo. "Likuchoka ndi theka la khonde, kuti padutse ngalande. Pamwamba pa ngalandeyo aikapo simenti yoti makasitomala azipondapo. Akuti zili pa tsamba makumi asanu ndi limodzi mphambu ziwiri la buku lija. Akufunsa ngati munaliwerenga."

"Auzeni kuti bukulo lilipo, tikulisamala," anayankha amayi. "Likuchirikiza mwendo wa makina."

Anthu anaphulika kuseka. Mayi Chisoti sanaseke. Anafunsa kuti amene anawerenga bukulo akweze dzanja. Linakwera dzanja limodzi, la amuna anga. Mayi uja anakhala pansi pang'onopang'ono n'kulemba kwa nthawi yaitali.

Chigamulo chinatuluka Lachitatu. Kupolisi sananditengere. Amuna anga anabwezeredwa pantchito, koma ndi kalata ya chenjezo chifukwa anaona zikhomo zitasuntha osanena, ndipo anawatumiza ku gawo lakutali, koyenda maola awiri. Ogwira ntchito ya msewu anayamba kuyenda khomo ndi khomo kufotokoza ndi pakamwa chimene mtanda uliwonse ukutanthauza. Ntchito inachedwa masiku khumi ndi limodzi, ndipo masiku onsewo ndinkapita kumsika mozemba.

Chilango changa chinali kubwezera zikhomo ndekha, dzuwa likuswa mtengo, anthu akuonerera. AWailesi anatulutsa benchi la makasitomala n'kumaulutsa ngati mpira.

"Wagwira nyundo tsopano! Waphonya! Wamenya chala!"

Zimenezo zinali zopepuka. Zolemera zinali kunyumba, kumene amuna anga anakhala masiku awiri akungoyankha ee ndi ayi. Tsiku lachitatu ndinagwada pafupi ndi mpando wawo.

"Bambo, ndikalipireni, chonde. Kukhala chete kwanuku kukundipha."

"Zikhomo sizikundiwawa, mayi," anatero. "Munachita chifukwa chokonda amayi anu, ndikumvetsa. Chikundiwawa n'choti munandisitira malaya okavomerera mlandu wanu."

Ndinangowauza zoona, kuti ndinkaopa, ndiponso kuti sabata ija yowaona akuseka ndi amayi inandikomera moti ndinalolera kuigula ndi bodza.

"Tiyi wa m'kapu ya maluwa anali wokomadi," anatero, n'kundidzutsa pansi.

Tsiku logwetsa khonde litafika, anyamata a kampani yomanga msewu anabwera ndi zitsulo zawo. Amayi anaima kutsogolo kwa nsanamira n'kuwabweza ndi dzanja. Ndinati zayambanso. Koma anaitana amuna anga, amene anali atapempha tchuthi cha tsiku limodzi.

"Asagwetse alendo," anatero amayi. "Anamanga ndi manja a m'banja muno. Phwasulani ndinu, mwanangu."

Bamboyo anavula chipewa, n'kukwera pa makwerero. Anazula misomali umodziumodzi, malata n'kumawatsitsira m'manja mwa amayi. Tonse atatu tinkalira, koma palibe anasiya ntchito.

8

Lero msewu wathu ndi wa tala. Ambulansi imafika mpaka kumapeto, ndipo mvula ikagwa madzi amadutsa pansi pa mapazi athu osatinyowetsa. Khonde ndi lalifupi, makina amakwana movutikira, koma makasitomala achuluka chifukwa minibasi imaima pafupi. Amayi ndi mpongozi wawo tsopano ndi mgwirizano umodzi, ndipo wotsutsa boma ndine. Kukasowa kanthu m'nyumba, kaya lumo kaya chivindikiro, onse awiri amayankhira pamodzi kuti afunseni mayiwa, mwina asuntha.

Inu amene mumatumiza thandizo kuchokera kutali, tikuthokoza, msewu ndi wabwino. Koma dziwani kuti mzere umene mumajambula papepala umadutsa pakhonde la munthu, ndipo khondelo lili ndi amene analimanga. Musatitumizire buku lokha. Tumizani munthu adzakhale pansi atiuze.

Ndipo inu anzanga amene muli pakati pa mayi ndi mwamuna, musatengere ine. Safunsa anadya phula. Kontena inali poyenda mphindi zitatu kuchokera pa makina anga, ndipo ndikanangogogoda n'kufunsa, akanandionetsa mapulani tsiku lomwelo. Kulakwa aliyense amalakwa, koma mukalakwa nenani msanga, wina asananyamule katundu wanu. Ine ndinkafuna kupulumutsa khonde la amayi, ndipo ndinatsala pang'ono kugwetsa nyumba yanga.